Ululu wa mitsempha umene umatsalira munthu akathyoka pa kakolo: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene anathyoka fupa la pa kakolo, fupa n'kupola, koma phazi osasiya kuwawa. Mankhwala amene tawatchula m'munsimu ngofunika kulemberedwa kuchipatala, osati kungogula pamsika.

1. Chikhakha anachotsa kalekale, X-ray ikuonetsa kuti fupa linagwirana. Nanga phazi likuwawiranji?

Fupa ndi mtsempha sizipolera limodzi. Fupa la pa kakolo limagwirana pa masabata 6 mpaka 12. Koma pa kakolo pomwepo pamadutsa mitsempha isanu yonyamula uthenga pakati pa phazi ndi ubongo, yosiyana ndi mitsempha ya magazi ija, ndipo itatu mwa iyo ili pansi pa khungu penipeni, popanda mnofu woitchinga.

Mtsempha umavulala m'njira zingapo. Umakokeka pamene phazi lapindika mwamphamvu, monga munthu akagwa pa kabaza kapena akaponda m'dzenje atasenza thumba. Umapanikizika ndi kutupa, kapena ndi chikhakha chothina. Umatha kukhudzidwa pa opaleshoni, kapena kumatirira m'chipsera bala likamapola. Ukavulala umakhala ngati waya wa magetsi wosendeka: umatumiza uthenga wa ululu ngakhale palibe chimene chakhudza phazi. X-ray imaonetsa mafupa ndi zitsulo zokha, mtsempha suoneka. Choncho mawu akuti "fupa lili bwino" ngoona, ndipo ululu wanuwo nawonso ngoona.

2. Ndingasiyanitse bwanji ululu wa mtsempha ndi wa fupa?

Ululu wa fupa kapena wa mfundo umamveka m'kati, umakula mukaponda kapena mukayenda mtunda, ndipo umachepa mukakhala pansi. Wa mtsempha umawotcha, kubaya, kapena kugwira nyesi mwadzidzidzi mpaka ku zala. Ena amamva nyerere zikuyenda pakhungu. Umabwera ngakhale mwangokhala, makamaka usiku, ndipo chinthu chopepuka monga chitenje kapena neti ya udzudzu chikangokhudza pamwamba pa phazi mumadzidzimuka. Chosokoneza ambiri n'chakuti malo omwewo amachita dzanzi komanso amawawa. Zimenezi n'zachizolowezi pa mtsempha wovulala.

Dziyeseni chonchi. Tsinzinani, wina akukhudzeni ndi kathonje, kenako ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, malo ofanana pa mapazi onse awiri: pamwamba, m'mbali zonse, pakati pa zala, kunsi. Pamene mukumva mosiyana ndi phazi labwinolo, azungulize ndi bolopeni. Ululu wa mtsempha umakhala ndi malire ake. Jambulani malirewo pa foni, kapena muwalembe papepala pamodzi ndi tsiku. Adzakuthandizani pa funso 3 ndi 5.

3. Malo amene akuwawa akusonyeza mtsempha uti?

Pamwamba pa phazi ndi kutsogolo kwa kakolo, pamene pamadutsa malamba a patapata: umenewo ndi superficial peroneal. Umatulukira pansi pa khungu pafupifupi masentimita 10 mpaka 12 pamwamba pa chotupa cha fupa la kunja kwa kakolo, ndipo ndi umene umavulala kawirikawiri.

M'mphepete mwa phazi chakunja, kuchokera ku chidendene mpaka ku chala chaching'ono, ndi sural, umene umadutsa kuseri kwa fupa la kunja. Chakumkati kwa kakolo ndi saphenous. Kadera kakang'ono ka pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri ndi ka deep peroneal. Kunsi kwa phazi ndi tibial, umene umadutsa m'kanjira kopanikizika kuseri kwa fupa la m'kati. Umenewu ukapanikizika, kuponda pansi kumawotcha, ndipo tikuuona kukhala wofunika kuusamala kwambiri chifukwa kunsi kwa phazi ndi kumene kumatiteteza ku minga ndi ku moto.

4. Ululuwu unayamba nditachitidwa opaleshoni. Kodi anandilakwitsa?

Nthawi zambiri ayi. Mtsempha wa pamwamba pa phazi uja sudutsa malo amodzi mwa anthu onse. Mwa ena umapingasa pamene dokotala amayenera kucheka kuti aike chitsulo pa fupa la kunja, ndipo ngakhale atauona n'kuusunthira pambali mosamala, kukokako kokha kumaugonetsa. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2003 anapeza kuti anthu pafupifupi 15 mwa 100 alionse othyoka pa kakolo anatsala ndi vuto la mtsempha umenewu. Ochitidwa opaleshoni ndi amene anachuluka, koma analiponso ena amene anangoikidwa chikhakha.

Musanong'oneze bondo kuti munavomera opaleshoni. Fupa la pa kakolo likapolera pokhota, mfundo imaperepeseka msanga, ndipo ululu wake ngwa moyo wonse.

5. Zidzatenga nthawi yaitali bwanji?

Zimadalira mmene mtsempha unavulalira. Ngati unangopanikizika kapena kukokeka pang'ono, umadzuka wokha pakati pa masabata ochepa ndi miyezi 3. Ngati timaulusi ta m'kati tinaduka koma chikuto chake chili bwino, timameranso kuchokera povulala kulowera ku zala, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, kutanthauza masentimita 3 pa mwezi. Tiyerekeze kuti kuchokera pa chipsera kukafika ku zala pali masentimita 24. Imeneyo ndi miyezi 8, ndipo kwa osuta fodya, odwala shuga ndi achikulire imaposa pamenepo. Ngati mtsempha unadukiratu, sulumikizana wokha, ndipo nsonga yake imatha kupanga kabulu kowawa kotchedwa neuroma.

Pali njira yodziwira kumene zinthu zikulowera. Kamodzi pa mwezi, gogodani pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala, kuyambira ku zala kukwera kumene kuli chipsera. Pamene mwayamba kumva nyesi, ikani chizindikiro, n'kuyeza kutalika kwake kuchokera pa chipsera. Ngati malowo akusunthira ku zala mwezi ndi mwezi, ndipo dera la dzanzi lija la pa funso 2 likuchepa, mtsempha ukumera. Kunyerenyetsa kumatha kuwonjezeka pa nthawi imeneyi, musachite nako mantha. Koma ngati miyezi 3 yadutsa nyesi ili malo amodzimodzi, ikukulirakulira, kauzeni dokotala, ndipo onani funso 13.

Kusintha kumapitirira mpaka chaka kapena chaka ndi theka. Ena amatsala ndi kadera ka dzanzi kosawawa, kamene sikalepheretsa ntchito.

6. Ndi zizindikiro ziti zosafunika kudikira?

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati chikhakha chikadalipo ndipo ululu ukukulirakulira osamva mankhwala, zala zatupa, zazizira, zasintha mtundu, kapena kuziwongola kukuwawa koopsa. Chikhakhacho chiyenera kung'ambidwa msanga, chifukwa minofu yosowa magazi imawonongeka pa maola ochepa. Chimodzimodzi ngati chipsera chikutuluka mafinya kapena madzi, chitsulo chikuonekera, kapena thupi latentha. Katumba akatupa n'kumawawa, makamaka pamodzi ndi kubanika kapena kupweteka pachifuwa, angakhale magazi oundana, ndipo zimenezi zimapha.

Phazi likamalendewera, osatha kulikweza, zala n'kumakhula pansi poyenda, kawirikawiri vuto lili pa mtsempha wa kunja kwa bondo, pamene mlomo wa chikhakha umakanikiza. Musadikire tsiku limene anakulemberani. Ndipo ululu wochokera m'chiuno kutsika mwendo wonse, ukaphatikizana ndi dzanzi la kumalo obisika kapena kulephera kugwira mkodzo, ndi vuto la msana lofunika kuonedwa mwachangu.

7. Panado ndi brufen sizikuthandiza. Ndiwonjezere mapiritsi?

Ayi. Mankhwala amenewa amalimbana ndi ululu wa kutupa ndi wa fupa, koma pa ululu wa mtsempha amathandiza pang'ono chabe, ndipo kuwonjezera kumangobweretsa matenda ena. Panado wa 500 mg munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 pa maola 24, apo ayi chiwindi chimawonongeka. Brufen, diclofenac ndi indocid ndi a gulu limodzi, osawaphatikiza. Kuwamwa miyezi kumayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Kuno kuchigwa cha Shire ngozi ya impsoyo njaikulu, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu amene akugwira ntchito padzuwa amakhala kale ndi madzi ochepa m'thupi.

8. Nanga mankhwala oyenera ndi ati, ndipo amamwedwa bwanji?

Amene amapezeka kawirikawiri ndi amitriptyline. Poyamba anapangidwira matenda a kukhumudwa, ndiye ena akamva zimenezi amasiya, poganiza kuti dokotala akuwayesa odwala maganizo. Sichoncho. Pa mlingo wochepa mankhwalawa amatontholetsa uthenga wa ululu m'mitsempha. Dokotala amayambira pa theka la piritsi la 25 mg kapena piritsi limodzi, kumwa madzulo kutatsala maola awiri kuti mugone, n'kumakweza pang'onopang'ono pakatha sabata imodzi kapena awiri. Pa ululu sapitirira 75 mg kawirikawiri.

Cholakwika chachikulu ndi kuwamwa ngati Panado, tsiku limene phazi lawawa lokha. Amafuna tsiku ndi tsiku, ndipo phindu lake limayamba kuoneka pa masabata 2 mpaka 4. Zovuta zake ndi zimene zimafulumira: kuuma kukamwa, tulo, chizungulire podzuka, kudzimbidwa. Zambiri zimachepa thupi likazolowera. Amachepetsanso thukuta, choncho nyengo yotentha imwani madzi ambiri ndi kupewa dzuwa la masana. Odwala mtima, abambo ovutika kukodza, odwala khunyu ndi amayi oyembekezera anene zimenezi asanalandire. Osamwera mowa. Asungeni kutali ndi ana, pakuti mapiritsi ochepa okha angathe kupha mwana.

Akakanika amenewa pali gabapentin ndi pregabalin. Naonso amayambira pang'ono, amabweretsa tulo ndi chizungulire, mlingo wake umachepetsedwa kwa odwala impso, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Tramadol ndi wa masiku ochepa pamene ululu wafika poipa. Amazolowereka m'thupi, ndipo kumuphatikiza ndi amitriptyline kungagwetse munthu khunyu.

Tinene mosabisa: mankhwalawa nthawi zambiri sachotseratu ululu. Ukatsika ndi theka, n'kumagona tulo ndi kuyenda, ndiye kuti agwira ntchito.

9. Ndimamwa ma ARV, kapena mankhwala a TB, kapena ndili ndi shuga. Zikukhudzana?

Kwambiri. Shuga, HIV, mowa wambiri monga kachasu, ndi kuchepa kwa vitamini B12 zonse zimafooketsa mitsempha, ndipo mtsempha wofooka kale umachedwa kuchira. Kusiyana kwake n'kwakuti matenda amenewa amagwira mapazi onse awiri mofanana, kuyambira ku zala kukwera, pamene kuvulala kumagwira dera limodzi la phazi limodzi. Ngati ndi mapazi onse, yezetsani shuga ndi HIV. Amene anamwapo ma ARV akale okhala ndi stavudine ena anatsala ndi vutoli kuyambira nthawi imeneyo. Isoniazid, amene ali m'mankhwala ochiza ndi oteteza TB, amatha kuyambitsa ululu wowotcha m'mapazi ngati simukumwa pyridoxine, amene ndi vitamini B6. Funsani ngati munapatsidwa, koma musadziwonjezere, chifukwa B6 wochuluka nayenso amawononga mitsempha.

Chenjezo lina ndi la carbamazepine, amene nthawi zina amaperekedwa pa ululu wa mitsempha. Amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, komanso ya mapiritsi olerera ndi njira yolerera ya pamkono. Onetsani mabuku anu onse a kuchipatala kwa amene akukulemberani mankhwala.

Wa shuga phazi likatupa n'kutentha koma osawawa kwenikweni, asalipondere, apite kuchipatala. Ndipo ngati pali zigamba zotuwa za dzanzi m'malo ena a thupi, akuyezeni khate, chifukwa likadalipo m'Malawi ndipo limachizika.

10. Kunyumba ndingachite chiyani?

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu. Khungu lowawa mukamaliteteza kuti lisakhudzidwe ndi chilichonse, ubongo umawonjezera mantha ndipo ululu umakula. Liyenera kuzolowezedwanso, pang'onopang'ono.

Bala likapoleratu, yambani ndi thonje. Sisitani kuchokera pamalo abwino kulowera pamalo owawa, mphindi 3 mpaka 5, kanayi kapena kasanu pa tsiku, mukuyang'ana pamene mukusisitapo. Thonje likasiya kukuvutitsani, patatha masiku angapo, sinthani n'kutenga chitenje chofewa, kenako thaulo, kenako chiguduli cha saka. Pomaliza thirani mpunga, mapira kapena nyemba m'beseni, n'kumavundula ndi phazi. Muyeso wake ndi uwu: kusamva bwino n'kololedwa, koma ululu ubwerere mwakale pasanathe theka la ola. Ukapitirira mpaka madzulo, mwafulumira, bwererani pa chinthu chofewa.

Chipsera chitikiteni ndi mafuta odzola wamba, mozungulira ndi mopingasa, mphindi 5 kawiri pa tsiku, kuti khungu lisamatirire pa fupa ndi pa mtsempha. Mfundo nayo isaume. Kwezani ndi kutsitsa phazi ka 20, katatu pa tsiku. Lembani zilembo m'malere ndi chala chachikulu. Mutakhala pamphasa mwendo uli chiwongolere, kolekani chitenje kuphazi, kokerani kwa inu masekondi 30, katatu. Dokotala akakulolani kuponda, pondani, ndipo ndodo muzisiye pang'onopang'ono. Madzulo gonani chagada phazi litatsamira pamwamba kuposa chifuwa mphindi 20, pakuti kutupa kumapanikiza mtsempha, ndipo pa kakolo kumatha kutenga chaka kuti kutheretu.

Usiku, ngati chofunda chikuwawitsa, valani sokosi yofewa yosathina. Ambiri amapirira kukhudza kokhazikika kusiyana ndi nsalu yomangokhulakhula. Fodya musiyeni.

11. Kodi kuthowa ndi madzi otentha kapena kutemera mphini kumathandiza?

Madzi ofunda amafewetsa mfundo, koma phazi la dzanzi silidziwa kutentha, moti anthu amapsa mpaka matuza osamva kanthu. Yesani madziwo ndi chigongono, ndipo musaviike kupitirira mphindi 10. Osawotha phazi pa mbaula kapena pamoto mu Juni ndi Julayi, ngakhale kuzizira kukuwonjezera ululu. Sokosi ndi yokwanira.

Mphini tikukana ndithu. Mitsempha ili pansi pa khungu pomwepo, lumo lingathe kuidula, ndipo ngati m'kati muli chitsulo, tizilombo tikafika pa chitsulocho matenda ake amalowa m'fupa ndipo savomera mankhwala msanga. Kutikita mwamphamvu pofuna "kuwongola mtsempha" nakonso kumangouputa.

Phazi la dzanzi lisayende lopanda nsapato. Mchenga wa masana m'mbali mwa Shire umawotcha, minga ndi zitsa za nzimbe zimabaya munthu osadziwa. Kutumulani nsapato musanavale, ndipo madzulo aliwonse yang'anani kunsi kwa phazi ndi pakati pa zala, ndi galasi kapena mothandizidwa ndi wina. Nthawi ya madzi osefukira, bala lililonse pa phazi lotere litsukidwe ndi sopo ndi madzi aukhondo tsiku lomwelo.

12. Phazi lonse latupa, likusintha mtundu, likutuluka thukuta, ndipo sindilola munthu kulikhudza. N'chiyani?

Zikufanana ndi vuto lotchedwa CRPS. Ululu wake umaposa kuvulala kumene kunachitika, ndipo sutsata malire a mtsempha umodzi aja a pa funso 3, umagwira phazi lonse. Phazi limatentha kapena kuzizira kuposa linzake, khungu limanyezimira, zikhadabo ndi ubweya zimakula mosiyana, mfundo n'kuuma. Si kulodzedwa, si kudzipangitsa, ndipo munthuyo sakukokomeza. Ndi mitsempha ndi ubongo zimene zapitiriza kuchita ngati ngozi ikadalipo.

Likadziwika m'miyezi yoyambirira, ambiri amapeza bwino. Chithandizo chachikulu ndi mafizo, ndipo mankhwala a pa funso 8 ntchito yake ndi kutsitsa ululu kuti mafizowo atheke. Kulimanganso m'chikhakha kapena kulisiya osaligwiritsa ntchito kumalikulitsa. Njira ina imene a mafizo amaphunzitsa ndi ya galasi: mumakhala pansi, galasi lalitali pakati pa miyendo litayang'ana phazi labwino, lodwalalo litabisika kuseri. Mumayendetsa phazi labwino mukuyang'ana chithunzi chake, mphindi 5 mpaka 10 kangapo pa tsiku, ndipo ubongo umaona ngati phazi lodwala likuyenda popanda ululu. Dokotala ayambe watsimikiza kuti si mafinya kapena magazi oundana.

13. Akachotsa zitsulo, ululu utha?

Nthawi zina. Ngati mutu wa sikuluwu ukumveka pansi pa khungu, ndipo ululu uli pomwepo nsapato ikakhula, kuchotsa kumathandiza. Koma ngati gwero ndi mtsempha wovulala, chitsulo chingachoke ululu n'kutsala, ndipo kuchekanso pa chipsera chakale kumaika mtsempha womwewo pangozi kachiwiri. Kawirikawiri madokotala amadikira pafupifupi chaka kuti fupa likhwime, kupatula ngati pali mafinya, kapena ngati ndi sikuluwu yaitali yomanga mafupa awiri a msongolo, imene ena amaichotsa pakatha miyezi ngati 3.

Musanavomere, funsani za kuyesa ndi jakisoni wa dzanzi. Dokotala amabaya lignocaine pang'ono pamene pali nyesi paja. Ululu ukatha kwa ola limodzi kapena awiri, gwero lapezeka. Pamenepo opaleshoni imakhala yomasula mtsempha m'chipsera, kapena kudula neuroma n'kukwirira nsonga yake m'mnofu. Akadula neuroma, dera limene mtsemphawo umafikako limatsala la dzanzi mpaka kalekale, ndiye muyenera kudziwiratu kuti mukusinthanitsa ululu ndi dzanzi.

14. Ndipite kuti?

Yambirani pa chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, mufunse kiliniki ya mafupa ndi a mafizo. Amene muli kufupi ndi Ngabu, Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula kapena Trinity ku Muona mungayambire kumeneko kuti akulembereni kalata. Zofuna dokotala wamkulu wa mafupa zimatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mumzinda womwewo muli malo a mafizo a Kachere. Musanyamuke kupita ku Blantyre opanda kalata yotumizira ndiponso osadziwa tsiku la kiliniki, mungawononge ndalama ya thiransipoti pachabe.

Tengani buku la kuchipatala, X-ray zakale, mapaketi a mankhwala onse, ndi zimene munalemba pa funso 2 ndi 5. Pofotokoza musangoti "phazi likuwawa". Nenani kuti likuwotcha, likugwira nyesi, lachita dzanzi, lozani malo ake, ndipo tchulani ngati likukulepheretsani tulo. Amene anavulalira pa ntchito yolembedwa asunge zikalata zonse ndi kufunsa ku ofesi ya zantchito ya m'boma lawo za chipukuta misozi cha pansi pa lamulo la Workers' Compensation la mu 2000.

15. Ndingabwerere liti kudimba, ku nzimbe kapena pa kabaza?

Ululu wa mtsempha pawokha sutanthauza kuti mukuwononga kanthu mukaponda. Chimene chimalamula ndi fupa ndi mphamvu ya mwendo. Dokotala akatsimikiza kuti fupa lagwirana, dziyeseni: kuima ndi mwendo wovulalawo wokha masekondi 30, kunyamuka ndi zala ka 10, ndi kuyenda mphindi 30 osatsimphina. Zikatheka, yambani ndi theka la tsiku pa nthaka youma. Matope a kudimba ndi mizere ya m'munda wa nzimbe zimapotokola kakolo, zikhale zomalizira. Jombo zikhale zokulirapo pang'ono, ndi sokosi yokhuthala, kuti mphira isakhule chipsera.

A njinga yakapalasa angayambe msanga, opanda wokwera, pa msewu wosalala, chifukwa kupalasa kumafewetsa mfundo. A njinga yamoto aganizire phazi limene linavulala. Lamanzere limakweza giya ndi pamwamba pa phazi, malo enieni a mtsempha wovuta uja, choncho pamafunika nsapato yotseka yokhala ndi kansalu kofewa m'kati. Lamanja ndi la buleki ya kumbuyo, ndipo ngati kunsi kwake kuli dzanzi kapena simungathe kuponda mwamphamvu mwadzidzidzi, musanyamule munthu. Amene angoyamba amitriptyline, gabapentin kapena pregabalin, kapena angowakwezera mlingo, asayendetse njinga yamoto kapena galimoto mpaka tulo ta m'mawa titasiya.